Khola Lolimba Liposa Tameki: Kuteteza Nkhuku ndi Minda Yathu ku Zilombo

Nkhani yoyankhulidwa kwa mafumu ndi alimi a ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay

 

Nkhani yomwe yatisonkhanitsa ikuoneka yaing'ono: nkhuku, chinangwa, dimba. Koma tonsefe tikudziwa katundu amene nkhuku imasenza pakhomo. Mlendo akatulukira mwadzidzidzi, ulemu wa banja umakhala m'khola. Mwana akatentha thupi usiku, ndalama ya kabaza wothamangira naye ku chipatala cha Chintheche imachokera m'khola momwemo. Pa chinkhoswe, pa maliro, ngakhale pabwalo la mfumu mlandu ukatha, nkhuku siisowa. M'makomo ambiri mwini nkhuku ndi mayi, ndipo ndalama yake siipita kutali: imagula sopo, mchere ndi makope. Choncho kabawi akanyamula mwanapiye, wanyamula kope la mwana wasukulu. Nguluwe ikafukula mizere ya chinangwa, yadya kondowole wa mwezi wa njala.

Dera lathu lino linadalitsidwa ndi mvula yambiri, nkhalango, mitsinje monga Luweya, ndi nyanja. Madalitso omwewo ndi amenenso amasunga zilombo. Walira mvula walira matope. Sikudzakhala Chintheche wopanda pusi, mng'azi ndi kabawi. Mfundo yanga lero ndi imodzi: chilombo chimadya chimene tachisiyira poyera. Amene amapulumutsa nkhuku ndi munda si amene wapha nyama zambiri, koma amene watseka bwino usiku, wavundikira anapiye masana, ndipo walondera munda pamodzi ndi anzake.

Yambani mwamudziwa wakubayo

Nkhuku ikasowa timathamangira kunena kuti ndi vumbwe. Koma akuba a nkhuku ndi ambiri, ndipo aliyense ali ndi nthawi yake, njira yake ndi chizindikiro chake. Mukalakwitsa wakuba, mulakwitsanso chotchingira.

Masana adani amachokera kumwamba ndi m'udzu. Kabawi amazungulira, n'kutsika kamodzi, mwanapiye wapita; chotsala ndi kulira kwa make. Amavuta kwambiri nyengo yotentha, pamene naye ali ndi ana pachisa ndipo pabwalo pali mbee, popanda pobisala. Khwangwala amatola mazira ndi anapiye ongoswedwa kumene, ndipo amachuluka kumene kumatayidwa matumbo a nsomba ndi zotsala za chakudya. Nyenga, imene ena amati likongwe, kanyama kowonda ka mchira wakuda kunsonga, imatuluka m'udzu wautali kapena pamulu wa njerwa dzuwa lili phwee. Mng'azi umakonda makomo oyandikana ndi madzi. Umameza mazira ndi anapiye, ndipo pamchenga umasiya mzere wa mchira pakati pa mapazi ake.

Usiku kumabwera ena. Mwili, wamawangamawanga ndi mchira wautali wamizeremizere, ndi katswiri pokwera ndi polowa pampata waung'ono. Kawirikawiri amapha nkhuku zingapo n'kudya mutu ndi chidali chokha. Vumbwe amanyamula imodzi kupita nayo patchire, kumene mumakapeza nthenga. Fungwe sakwera bwino, amatola zogona pansi. Chiuli sichifunafuna mpata, chimathyola khola ndi mphamvu. Nsato imameza nkhuku yathunthu osasiya nthenga, ndipo nthawi zina mumaipeza ikadali m'kholamo, italephera kutulukira pomwe inalowera. Nyengo ya mvula linthumbu limatha kuzinga khola lapansi n'kupha thadzi lofungatira pamodzi ndi anapiye ake. Makoswe nawo amaba mazira ndi kuluma anapiye.

Tisaiwale akuba awiri a pamudzi pomwe pano. Galu wosapatsidwa chakudya amaphunzira kudya mazira, kenako anapiye. Ndipo mukadzuka n'kupeza m'khola muli gwaa, popanda magazi, popanda nthenga, chitseko chitatsekedwa bwinobwino, musanamizire vumbwe. Ameneyo ndi wa miyendo iwiri, ndipo nkhani yake ndi ya kwa mfumu.

Pofuna kudziwa amene akukuvutitsani, kuno kunyanja tili ndi mwayi wa mchenga. Madzulo mukatsekera nkhuku, sesani mozungulira khola, salazani mchenga kapena wazani phulusa. M'mawa, ana asanapondeponde, kawerengeni mapazi. Mudzadziwa chomwe chinabwera, kumene chinachokera ndi pamene chinayesa kulowera.

Khola

Nkhuku zogona m'mitengo ya mango, pa denga la khitchini kapena pakhonde ndi nkhuku zimene tazipereka kale. Zogona m'nyumba momwe mukugona anthu zimapulumuka kwa vumbwe, koma zimabweretsera ana utitiri, zitosi ndi matenda. Nkhuku ikhale ndi nyumba yakeyake, ndipo khola loyenera dera lathu la chinyezi ndi lam'mwamba.

Miyendo yake ikhale ya mtengo wolimba, yotalika mita imodzi kapena kuposerapo. Kutalikako kumalepheretsa fungwe, galu ndi nkhandwe, koma sikuletsa okwera. Choncho pa mwendo uliwonse kulungani lata losalala, kapena vekani chitini chozondotsa chotambalala kunsi ngati chipewa. Khoswe, mwili ndi njoka zikafika pamenepo zimaterereka kapena kubwerera. Mitengoyo ipakeni oili wakutha wa galimoto kuti chiswe ndi utitiri zisakhazikike, ndipo nyengo ya linthumbu muzithira phulusa m'munsi mwa miyendo.

Pansi pa khola yalani nsungwi motalikirana pang'ono kuti zitosi zizigwa, koma mpata usapose kukula kwa chala chanu. Lamulo la chalali ligwire ntchito paliponse: m'makoma, m'makona, pachitseko, makamaka pamene khoma likukumana ndi denga, chifukwa ndi pomwe ambiri timasiya mpata. Kanyama kakalowetsa mutu, thupi limatsatira. Amene angathe kugula waya asankhe wa maso ang'onoang'ono, ndipo akumbukire kuti kuno chinyezi chimadyetsa waya dzimbiri msanga. Aziuyendera ndi kuukoka ndi dzanja. Amene sangathe asade nkhawa, pakuti nsungwi yolukidwa mothinana imagwira ntchito yomweyo, ndipo nsungwi ndi bango kuno sitigula kutali.

Chitseko chikhale cha mpiringidzo weniweni, osati thabwa longotsamiritsa ndi mwala. Makwerero achotsedwe nkhuku zikalowa. Khola lisakhale pansi pa nthambi, chifukwa mwili adzatsikira padenga. Limangidwe pafupi ndi nyumba, pamene mungamve nkhuku zikayamba phokoso, ndipo udzu wautali, milu ya nkhuni ndi ya njerwa zikhale patali nalo. Ngati mwamanga mpanda woti nkhuku ziziyendamo masana, waya kapena nsungwi zilowe pansi masentimita 30, kuti zokumba zilephere.

Chotsiriza pa khola ndi munthu. Khola labwino lotsekedwa mochedwa ndi chimodzimodzi kusakhala nalo. Pakhomo padziwike amene ali ndi udindo wowerenga nkhuku ndi kutseka dzuwa likamalowa, tsiku ndi tsiku, ngakhale tsiku la maliro kapena la ukwati. Kuwaza gaga pang'ono pafupi ndi khola madzulo kumaziphunzitsa kubwera zokha. Zisa zoikiramo ndi zofungatiramo zikhale m'kati, chifukwa thadzi lofungatira patchire limakhala pamalo amodzi masiku 21, usana ndi usiku, ndipo fungo lake limaitana aliyense. Phindu lina la khola lam'mwamba ndi manyowa: zitosi zomwe zimaunjikana pansi pake ndi chakudya cha dimba la mpiru ndi tomato.

Anapiye

Amayi, ndikufunseni. Thadzi likaswa anapiye 10, ndi angati amene amafika pokhala misoti ndi atambala? Yankho mukulidziwa, ndipo likupweteka. Apa ndi pamene chuma chathu chimathera, m'masabata 6 oyambirira, pamene mwanapiye sathamanga, sauluka, ndipo make amamuyendetsa m'mame ndi m'tchire tsiku lonse.

Njira yake ndi kumuvundikira. Lukani dengu lalikulu la nsungwi lozondotsa, kapena kakhola kopepuka kopanda pansi, kotchinga pamwamba, koti munthu mmodzi atha kukanyamula. Thadzi ndi ana ake azikhala m'menemo masana, pamthunzi, ndipo muzikasuntha tsiku lililonse kuti apeze pansi pouma ndi tizilombo tatsopano. Usiku alowe m'khola. Anapiye akamera nthenga ndi kulimba miyendo, yambani kuwatulutsa pang'onopang'ono, mame atauma, nthawi imene pakhomo pali munthu.

Wovundikira anapiye wavomera kuwadyetsa, ndipo apa anthu a kunyanja tili patsogolo pa anzathu a kumtunda. Zinyenyeswa za usipa zotsala pathandala, zimene timangosesa, ndi chakudya chokulitsa anapiye msanga. Sakanizani ndi gaga kapena madeya a mpunga osefa, onjezani chiswe, nkhungu zikagwa, ndi masamba oduladula. Makoko a chinangwa chowawa musawapatse aawisi. Ayambe anyikidwa ndi kuumitsidwa monga timachitira ndi chathu. Madzi akhale oyera, m'mbale yosazama, muikemo timiyala kuti anapiye asamire.

Nkhuku zazikulu nazo zimafuna pothawira kabawi akatulukira. Bwalo loseseratu mpaka kusiya dothi lokhalokha limakondweretsa maso, koma limathandiza kabawi. Dzalani nthochi, nandolo kapena chinangwa pafupi, mbewu zotchinga kumwamba koma zowala kunsi, kuti nkhuku ibisale popanda kubisa nyenga. Musagulitse atambala onse, pakuti tambala ndiye amachenjeza. Oweta nkhanga akudziwanso kuti palibe chachilendo chimene chimadutsa nkhanga zili chete. Alimi ena amapaka anapiye mankhwala ofiirira aja timati jivi, pofuna kusokoneza kabawi. Mutha kuyesa, koma zisalowe m'malo mwa dengu.

Mdani wosasiya mapazi

Ndingakhale nditakunamizani nditakamba za zilombo zokha. Vumbwe amatenga imodzi, chitopa chimasesa mudzi wonse m'sabata ziwiri, makamaka nyengo yotentha. Mankhwala ochiza chitopa kulibe, koma katemera alipo. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku labotale ya boma ya za ziweto ku Lilongwe, amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, katatu pa chaka, miyezi 4 iliyonse. Amapirira kutentha kusiyana ndi akatemera ena, n'chifukwa chake amafika kumidzi. Temerani nkhuku zisanadwale, ndipo temerani mudzi wonse nthawi imodzi. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ikhale payokha masabata 2 isanasakanikirane ndi zinzake. Yofa ndi matenda ikwiriridwe mozama. Mukaitaya kudzala mwafalitsa matenda, komanso mwaphunzitsa agalu ndi zilombo kukoma kwa nkhuku. Khola limathandizanso pano, pakuti wotemera sangagwire nkhuku zogona mumtengo.

Kumunda ndi kudimba

Pa nkhani ya munda ndiyamba ndi nzeru imene inachokera kwa inu nomwe. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa kuno ku Malawi, Mayi Linley Chiwona-Karltun, pamodzi ndi anzake anachita kafukufuku m'boma lino la Nkhata Bay, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1998. Funso lawo linali lakuti: bwanji alimi a kuno amadzala kwambiri chinangwa chowawa, chofuna ntchito yosenda, kunyika ndi kuyanika, pamene chozizira chilipo? Alimi, makamaka amayi, anafotokoza kuti kuwawako ndiko mlonda wa munda. Chinangwa chowawa sichikopa akuba, nyama zimachipewa, ndipo palibe amene amangozula kuti atafune podutsa. Nzeru ya agogo athu inalembedwa m'mabuku a ophunzira a kunja, ife tisaitaye. Chowawa monga Gomani chikhale kumalire a nkhalango ndi kuminda yakutali, chozizira monga Mbundumali chikhale pafupi ndi nyumba pamene pali maso. Kumbukirani kokha kuti chowawacho chinyikidwe masiku okwanira, ngakhale njala ikufulumizitseni, chifukwa ululu wake suleka munthu.

Pusi ndi nyani ndi akuba a masana, ndipo ndi anzeru. Chidole choopsezera amachiopa masiku ochepa, kenako amakhala pamutu pake. Chimene amaopa nthawi zonse ndi munthu wamoyo amene ali ndi galu ndi legeni. Amakonda kulowa m'mawa kwambiri ndi chakumadzulo, makamaka chimanga chikayamba kukhwima ndi nthochi zikakomola. Choncho nthawi yolondera ndi yodziwika, ndipo siitenga chaka chonse. Vuto ndi lakuti banja lililonse limalondera palokha, ndipo wolondera amakhala mwana amene anayenera kukhala m'kalasi. Mwana wojomba kusukulu chifukwa cha anyani wataya choposa chimanga chimene wapulumutsa. Minda yoyandikana ikhale ndi chilindo chimodzi pamalo okwera, akuluakulu azisinthana masiku, ndipo mudzale nthawi imodzi kuti mbewu zikhwimire pamodzi. Munda wokhwima wokha, anzake asanayambe kapena atakolola kale, ndiwo umalandira gulu lonse.

Pakati pa nkhalango ndi munda lambulani kanjira kotakata, ndi kudula nthambi zolendewera kumunda, chifukwa pusi amaopa kudutsa poyera. M'mphepetemo dzalani zimene sazikonda, monga tsabola ndi jinja, zomwenso zili ndi msika. Kwa abale athu a malo ogona alendo m'mbali mwa nyanjayi, pempho langa ndi lakuti alendo asamapatse apusi chakudya, ndipo maenje a zinyalala azivundikiridwa. Pusi wozolowera kulandira m'manja mwa munthu saopanso munthu, ndipo amene amalipira ndi mlimi woyandikana naye.

Nguluwe ndi nungu ndi za usiku, ndipo zonse ndi zokumba. Mpanda wongoimika pamwamba pa dothi siziuwerengera. Zikhomo zizame ndi kuthinana kunsi, ndipo kunja kwake kukumbidwe ngalande. Mpanda wamoyo wa khonje kapena wa mitengo yaminga umachedwa kukula, koma ukakula sufuna kumanganso chaka ndi chaka. Wodzala nkhadze asamale ana, chifukwa utomoni wake umawononga maso. Zitini zokhala ndi timiyala zomangiriridwa pa chingwe zimadzutsa wolondera ndi agalu ake. Agaluwo adyetsedwe, ndipo abayidwe katemera wa chiwewe chaka chilichonse, popeza ndi amene amakumana ndi nyama zakutchire m'malo mwathu.

Mvuu ndi nkhani ina, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu, imodzi imatha kumaliza makilogalamu 40, ndipo imayenda njira yomweyomweyo. Dimba kapena munda wa mpunga wolimidwa panjira yake udzadyedwa basi. Siyani msipu m'mbali mwa mtsinje, zimene zimatetezanso gombe kuti lisakokoloke. Mvuu siilumpha, choncho ngalande yozama ya m'mbali zoongoka imaibweza. Koma musaithamangitse mumdima ndi mikondo, ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi. Mvuu kapena ng'ona ikayamba kuvutitsa, uzani mfumu, uthenga ufike msanga kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire. Imeneyo ndi ntchito yawo, ndipo tili ndi ufulu wowaitana.

Chifukwa chiyani ndikukana tameki

Ndikudziwa mkwiyo wa munthu amene wapeza nkhuku zake zili mbwee pansi, kapena munda wa chaka chonse utafukulidwa usiku umodzi. Mkwiyo umenewo ndi womveka. Koma ndikupemphani ndi mtima wonse: musathire tameki kapena poizoni wina aliyense m'dzira, m'nthochi kapena m'nyama yakufa.

Poizoni sasankha. Nthochi yotcherera pusi atha kuitola mwana. Dzira lotcherera mng'azi adya ndi galu wa mnansi wanu. Nyama yofa ndi poizoni imapha chilichonse chodya mtembo wake, ndipo nguluwe yofa motero ikagulitsidwa ngati ndiwo, maliro amagwa pakhomo losalakwa. Mvula ikagwa, zotsala zimatsikira mumtsinje ndi m'nyanja momwe timamwa ndi kuwedza. Komanso kupha sikutseka mpata. Mukapha mwili mmodzi khola likadali lobowoka, malo ake amatenga mnzake mwezi usanathe.

Nyama zimenezi zilinso ndi ntchito imene zimatigwirira osalipidwa. Vumbwe, mwili, nyenga ndi kadzidzi chakudya chawo chachikulu ndi mbewa ndi makoswe, omwe amatidyera m'nkhokwe. Nsato imameza ntchenzi zimene zimadula mpunga ndi nzimbe. Mng'azi, umene timaudandaula pa mazira a nkhuku, ndiwo umafukula ndi kudya mazira a ng'ona m'mbali mwa mitsinje. Mudzi wotha ming'azi ukuweta ng'ona. Kumene akambuku anatha, anyani ndi nguluwe zinatsala zopanda woziopsa. Tikachotsa chimodzi, china chimachuluka, ndipo kawirikawiri chochulukacho ndi choipa kuposa choyamba.

Palinso lamulo. Lamulo la dziko lino loteteza nyama zakutchire, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 ndi kukhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusaka ndi poizoni, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi ngaka chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Sindikufuna kudzamva kuti mlimi wa kuno wasiya ana chifukwa cha ngaka imene anaitola m'munda, nyama yosadya nkhuku kapena mbewu, yongodya chiswe ndi nyerere.

Taonani zimene zinachitika kwa anansi athu ku Nkhotakota. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalango ya kumeneko mu 2015, ntchito yaikulu yoyambirira inali kumanga mpanda, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ngati pa nyama yaikulu ngati njovu nzeru yake inali kulekanitsa nyama ndi munda, pa vumbwe nzeru siingakhale ina.

Ntchito ya mudzi wonse

Anthu a Chintheche safunika kuphunzitsidwa za mpanda. M'zaka za m'ma 1870, nthawi ya nkhondo, makolo a dera lino anasonkhana m'malinga, ndipo linga la Mankhambira kuno ku Chintheche mbiri yake ikukambidwabe. Amishoni a Dr Robert Laws atakhazikika ku Bandawe mu 1881 anapeza anthu akukhala m'midzi yotchingidwa motero. Linga silinali la banja limodzi. Aliyense anabwera ndi mtengo wake, ndipo mpata wosiyidwa ndi mmodzi unali tsoka la onse. Ndi mmenenso zilili ndi zilombo ndi chitopa. Pakhomo pamodzi pakakhala tchire, dzala losakwirira ndi nkhuku zosatemera, mudzi wonse uli pachiswe.

Nkhalango nayo ndi mbali ya chitetezo chathu. Pusi amene akupeza masuku, nkhuyu ndi maula ku Mkuwazi kapena ku Kuwirwe sakhala ndi chifukwa chachikulu chotsikira kumunda. Tikatentha makala ndi kulima mpaka m'kati mwa nkhalango, tawononga nkhokwe yake n'kumuikira yathu pakhomo. N'chifukwa chake ntchito yodzala mitengo ndi mbaula zosatha nkhuni za Changu Changu Moto, zimene bungwe la Ripple Africa la ku Mwaya lakhala likulimbikitsa, ndi ntchito yotetezanso minda yathu.

Tsono ndisiye mapempho anga poyera. Kwa inu mafumu athu: ikani lamulo la m'mudzi loletsa kutchera poizoni, lolamula kuti mbuzi ndi nkhumba zimangidwe nthawi ya mbewu, pakuti nazonso zimatha madimba, ndi loletsa kutuma ana kukalondera nthawi ya sukulu. Kwa alangizi: lengezani masiku a katemera nthawi ikadalipo, ndipo m'dera la gulupu aliyense mumange khola limodzi lachitsanzo la zipangizo za konkuno, loti anthu adzaone ndi kuligwira. Kwa a nthambi ya nyama zakutchire: tikakuitanani pa mvuu ndi ng'ona, fikani msanga, chifukwa mlimi wosayankhidwa ndiye amakagula tameki. Kwa magulu a banki m'khonde: lolani ngongole yaing'ono ya waya, misomali ndi katemera, pakuti idzabwezedwa ndi nkhuku zomwezo. Kwa achinyamata: kuluka madengu a anapiye ndi kumanga makola ndi luso logulitsika, ndipo makasitomala ake ndi onse akhala panowa. Kwa abambo: musati nkhuku ndi za amayi pa nthawi yomanga khola, n'kudzati ndi za banja pa nthawi yogulitsa.

Chakudza sichiimba ng'oma, choncho tisadikire kuti tiyambe talira. Mukafika kunyumba lero, dzuwa lisanalowe, zungulirani khola lanu ndi kulowetsa chala pampata uliwonse. Pamene chala chadutsa, tsekanipo. Sabata ino kambiranani ndi oyandikana nawo munda za chilindo ndi kasinthanidwe ka masiku. Mvula isanagwe, mudzi uliwonse ukhale utatemera nkhuku zake. A Gogo Chalo, ndikupempha kuti mutiitanenso nthawi yokolola, mudzi ndi mudzi udzanene makola amene wamanga ndi anapiye amene wakulitsa, kuti amene zawayendera adzaphunzitse anzawo.